Mtovu Sufa ndi Moto

Ndinabwerera kusukulu ndili kale ndi mwana. Sayansi ya giredi 12 ndinali nditalephera, ndipo popanda iyo sakanandilandira ku kosi ya unesi. Choncho masana aliwonse ndinkasiya mwana wanga wamkazi kwa apongozi ku Makandanyama, komboni yathu ya m'Kabwe, n'kuyenda wapansi mpaka ku Katondo, kumene mphunzitsi wina wopuma pantchito ankaphunzitsa akuluakulu ngati ine m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake.

Pakhoma anali atamata tchati cha maelementi, chija cha timabokosi tambirimbiri. Ankatiuza kuti chinthu chilichonse n'chopangidwa ndi maatomu: pakati pamakhala mapulotoni, kunja maelekitironi amazungulira m'mizere, awiri mumzere woyamba, asanu ndi atatu mu wachiwiri. Ine ndinkangoloweza ngati katekisimu, osaona kuti zikundikhudza pati.

Mwezi womwewo a kukiliniki anabwera m'komboni kudzayeza magazi a ana. Wanga anali ndi zaka zinayi, wosakonda kudya, wosachedwa kulira. Nesi anandiitanira pambali.

"Amayi, mwanayu ali ndi mtovu wambiri m'magazi. Ndi fumbi lochokera ku mgodi wakale uja, ndipo umawononga ubongo wa ana. Asamasewere m'dothi."

Asamasewere m'dothi, ku Makandanyama! Nanga asewere pati? Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso pansi. Ndinayamba kuwiritsa chilichonse, madzi akumwa, mbale, zovala zake. Pabwalo ndinayala udzu wouma n'kuuyatsa kuti dothi lipse. Mbaula sinkazima.

M'kalasi maso anga ankangothamangira pa tchati paja, mpaka ndinaupeza mtovu cha m'munsi: Pb, nambala 82. Anzanga atatuluka ndinatsalira.

"Aphunzitsi, kodi mtovu umafa ndi moto wochuluka bwanji?"

Anavula magalasi. "Mukufunsiranji, mayi?"

Ndinawafotokozera zonse, ndi za udzu ndinayatsa uja. Anagogoda kabokosi kaja ndi choko.

"Tizilombo ta kolera timafa mukawiritsa madzi chifukwa ndi tamoyo. Mtovu ndi elementi. Nambala iyi ndi mapulotoni ake, ndipo ali pakati penipeni. Moto wa makala umangofika pa maelekitironi akunja, pakatipo sukhudza. Muutenthe, muuwiritse, ukhalabe mtovu. Madzi ndiwo amauluka, mtovuwo n'kutsala mumphika."

Aka kanali koyamba kumvetsa phunzirolo, koma sindinakondwe. Pobwerera ndinkayenda mofulumira ngati wina akundithamangitsa. Inali nthawi ya mphepo ya Ogasiti, ndipo fumbi linkandilowa m'mano.

Ndinapeza abambo a mwana atabwera kale kuchokera kuntchito ku njanji. Ndinawauza kuti mwana achoke m'Kabwe.

"Atate anagwira mumgodi zaka zonse, ine ndinabadwira pompano," anatero. "Ndafa? Mabuku akusokonezani, amake mwana."

Tinakangana milungu itatu. Ndinkathira madzi pabwalo kawiri patsiku kuti fumbi lisauluke, ndinkamusambitsa mwana m'manja mpaka khungu kuyera. Ndikamuona akutola kamwala ndinkakuwa, iye n'kuyamba kundiopa.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi apongozi. Tsiku lina tikuchokera ku Misa anaima pamsewu n'kuyang'ana mwana wawo, mwamuna wanga.

"Iwe sunafe, inde. Koma wayiwala mlongo wako mmene ankavutikira kusukulu? Mwanayu apite kwa mng'ono wanga ku Petauke."

Ndinamuperekeza ndekha pa basi. Titafika anathamangira mbuzi, n'kukhala pansi m'dothi lofiira, ndipo ndinadzigwira pakamwa kuti ndisakuwe.

Mayeso ndinakhoza, ndipo tsopano ndili chaka chachiwiri cha unesi. Mwana akudya bwino, akutero mng'ono wa apongozi uja. Lamlungu lililonse timalankhula pafoni, ndipo amandiyankha m'Chinsenga chimene ine ndimachimva movutikira. Amafunsa kuti ndidzamutenga liti. Ndimamuuza kuti posachedwa, kenako ndimayamba kuwerenganso zotsatsa ntchito za m'matauni ena.