Mpando Wobooka Pakati

Bambo anagwa m'chigafa mwezi wa Malichi, fodya ali pakati pothyoledwa. Anakwera kukapachika mikangala pamzere wapamwamba, osadziwa kuti mtengo umene anapondapo chiswe chinali chitaudya m'kati. Zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi awiri, koma panalibe wowaletsa kukwera. Mayi anali atatisiya kale, mchimwene wanga yekhayo ali ku Joni, choncho foni inabwera kwa ine ndili m'kalasi ku Santhe, kumene ndimaphunzitsa.

Ndinawapeza atawagoneka m'ngolo, phazi lakumanzere litapendekera kunja ngati si lawo. Sanabuule. Anangoti, "Fodya uja asanyowe."

Achipatala cha kuboma anatitumiza ku Lilongwe. Tinadikira mpaka kutopa, kenako anawachita opareshoni n'kuwaika chitsulo m'chiuno. Tsiku lotuluka, mayi wa mafizo, amene ankawaphunzitsa kuyenda ndi ndodo, anandiitanira pambali. Anati bambo asanjute, asakhale pampando waufupi, asawerame kutola chinthu pansi.

"Kwanuko chimbudzi n'chotani?" anafunsa.

"Chokumba."

"Nanga bafa?"

"La udzu. Pansi pali miyala."

Anapukusa mutu. "Mukakonze asanayambe kupitako. Akagwanso, kapena chiunochi chikaguluka, tiyambiranso. Ndipo pamsinkhu wawowu si onse amene amadzukanso."

Ndinafuna kuwatengera kunyumba kwathu kusukulu, koma anakanitsitsa. Anati sangakadwalire pakhomo pa mkamwini anthu akuona. Ndiye ife ndi amene tinasamuka, ine ndi amuna anga, kupita kumudzi. M'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita kuntchito.

Bafa limenelo ndinasambamo kuyambira ndili mwana, koma nditaliyang'ana tsiku limenelo ndinachita mantha. Miyala inali yobiriwira ndi ndere, ina yogwedera. Pogwira panalibe, kupatula udzu wowola. Chimbudzi chinali kuseri kwa khola la mbuzi, khomo lake lalifupi lofunika kuwerama, njira yake matope okhaokha poti mvula inali isanathe.

Amuna anga si mmisiri. Amagulitsa mbewu ndi feteleza pamsika, ndipo simenti anali asanapondepo chibadwire. Komabe anavula malaya n'kuyamba kuzula miyala ija. Bambo ankamva phokosolo ali gone m'nyumba. Anandiitana.

"Akuchotsa chiyani?"

"Miyala, bambo. Ikuterera."

"Miyala imeneyo anatuta ndi mayi ako kudambo, ali ndi pakati pa iwe."

Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo tsiku limenelo chakudya chinabwerera.

Simenti yoyamba inang'ambika chifukwa mchenga unachuluka, tinachita kuswa n'kuyambiranso. Yachiwiri tinaisesa ndi tsache isanaume kuti pansi pakhale pokhakhala. Tinakumbira nsichi za bulugama mbali zonse ziwiri n'kukhomerapo mitengo yopingasa yogwirira, ina kuchokera pakhomo la nyumba mpaka kubafa. Tinakumba chimbudzi chatsopano pafupi, cha khomo lalitali ndi lotambalala. Kalipentala wa pamsika anatikhomera mipando iwiri yaitali miyendo, wina wosambirapo, wina wobooka pakati woika pamwamba pa dzenje. Wobookawo anaubweretsa panjinga masana, ana a m'mudzi akuutsatira ndi kuseka. Bambo anaona zonsezo pawindo.

"Ndine mwana kodi, kuti mundikhazike pamenepo?"

"Ndi kwa kanthawi chabe, bambo."

"Mudzi wonse wadziwa mmene ndizidzithandizira."

Koma vuto lalikulu silinali la mipando. Sakanatha kusamba okha. Panafunika wowanyamulira madzi, wowagwira polowa, wowatsuka kumsana ndi kumapazi kumene sakanafika. Ine mwana wawo wamkazi sindikanalowa. Otsala anali amuna anga, munthu amene chikwatirireni ine anali asanadyepo mbale imodzi ndi bambo, ndipo akakumana nawo panjira amuna angawo ankapatuka, chipewa m'manja. Tsiku loyamba anawaperekeza mpaka m'bafa n'kuima atawafulatira, dzanja atalitambasulira kumbuyo kuti agwire. Ndili kukhitchini ndinamva mawu a bambo:

"Apongozi, tulukani."

Anatuluka. Bambo anangosamba kumaso n'kubwerera. Panapita masiku osasamba, chipinda chinayamba fungo, ndipo ndinkaopa kuti bala litukusira. Mnzawo wina, mkulu wa mpingo, anabwerako kudzawathandiza, koma nayenso anali wa manja onjenjemera, ndipo anatsala pang'ono kugwera limodzi. Ndinaimbira mchimwene wanga ndikulira. Anati mapepala ake sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Anati tipirire.

Chimbudzi chakale sitinachigumule, poti ife tinkapitabe komweko. Tsiku lina ndinaweruka msanga. Amuna anga anali kuchigafa, akulimbana ndi fodya amene anali atayamba kuchita nkhungu. M'nyumba munalibe munthu. Ndinayang'ana kubafa, kuchimbudzi chatsopano, osawapeza. Kenako ndinaona mabowo a ndodo m'matope, olowera kuseri kwa khola.

Ndodo imodzi inali panja pa chimbudzi chakale, itagwa. Ndinamva kupuma kolemera m'katimo.

"Bambo?"

"Usalowe."

"Mwagwa?"

"Ndati usalowe!"

Anali atayesa kunjuta monga mwa masiku onse a moyo wawo, n'kulephera kudzuka. Anatsamira kukhoma, manja atakakamira mtengo wa chitseko, ndipo sindikudziwa kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Sanaitane munthu. Ndinathamangira kuchigafa ndikukuwa, nsapato imodzi itatsala m'matope.

Amuna anga sanaodire. Analowa chowerama, ndipo ndinamva akunena motsitsa, "Pepani apongozi, lero mundikhululukire. Gwirani khosi langa." Anatuluka atawanyamula, atawafunditsa malaya awo kuchokera m'chiuno. Bambo anali atatsinzina. Ndinayang'ana kumbali. Amuna anga anapita nawo molunjika kubafa, n'kundiuza kuti ndifunditse madzi, ndiwasiye pakhomo.

M'mawa mwake tinapita nawo kuchipatala. Atawajambula anati chiuno sichinaguluke, koma chinatupa kwambiri, ndipo ntchito yophunzira kuyenda inabwerera m'mbuyo. Dokotala anandifunsa kuti tinali kuti ife. Bambo ndi amene anayankha kuti, "Ndinapita ndekha. Ana awa musawanene."

Madzulo a tsiku lomwelo amuna anga anakhomera chitseko cha chimbudzi chakale ndi misomali. Kuyambira pamenepo bambo sanakanenso. Ankakhala pampando wosambira atadzifunda chitenje pamiyendo, amuna anga n'kuwathira madzi ndi kapu, kuwatsuka kumsana ndi kumapazi. Pa zotsalazo anawamangirira chinkhupule kundodo kuti azidzitsuka okha. Ndinkaganiza kuti zikatere ndipumula. Koma bambo anasiya kulankhula. Munthu amene ankadziwa mtengo wa fodya kuokushoni tonse tisanamve, wotsutsana ndi wailesi, ankangokhala pakhonde kuyang'ana kumunda. Ndikawafunsa ngati akumva kuwawa ankati, "Ndili bwino, mayi." Amuna anganso ankatuluka m'bafamo ali chete, n'kukakhala okha kuseri kwa nyumba. Nditawafunsa tsiku lina chimene chikuwavuta, anati, "Aonda kwambiri. Iwe sukuona chifukwa amavala jekete."

Fodya wa chaka chimenecho wambiri anawola. Wotsalayo tinamusankha ife osadziwa bwino magiredi ake, ndipo bambo sanafunse n'komwe kuti wayenda bwanji kumsika.

Pofika nyengo yotentha anali akuyenda ndi ndodo imodzi, akusamba okha. Ife tinabwerera kusukulu, n'kupempha mdzukulu wa mlongo wawo kuti azigona pakhomopo. Anthu atayamba kufesa nazale kudambo, ndinawafunsa ngati tiwagulire mbewu. Anati ayi, munda wa fodya tibwereketse, iwo azilima chimanga pang'ono kuseri kwa nyumba.

Ndimapitako Loweruka lililonse. Amuna anga akabwera nawo, awiriwo amapatsana moni patalipatali monga kale, ndipo za miyezi ija sazitchula. Bambo akalowa m'bafa ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita n'kukhala pakhonde, kumvetsera madzi. Akasiya kumveka kwa kanthawi ndimaimirira. Sabata yatha anatuluka n'kundipeza ndili chilili pakati pa bwalo, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali asanafunse ngati kusukulu kuli bwino.