Mayi Manyowa ndi Nyemba Zamawanga

Ine ndilibe ngongole ndi munthu aliyense pansi pano. Ndikulemba zimenezi poyera, m'kalata ino ya parishi, kuti amene akuti ndikunama adzandipeze panja Misa ikatha. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka ya tayala lophwa, lero ndili ndi malole anayi operekera ndiwo zamasamba m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu. Ndadutsa malire ambiri moti pasipoti yanga yoyamba inatha masamba. Ndaona minda ya m'mapiri, minda ya m'magalasi, ngakhale minda ya padenga la nyumba zosanja. Koma panali ngongole imodzi imene inandizunza zaka zambiri, osati chifukwa ndinkasowa chobweza, koma chifukwa mwiniwake ankaikana. Mwiniwakeyo ndi amene Bambo ansembe andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, Mayi Manyowa, amene anatisiya chaka chino.

Mayi Manyowa anali woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Bambo awo ankagwira ntchito yopopera mankhwala pamunda waukulu wa kampani ina, thanki kumsana, pamphuno popanda chophimba. Akaweruka, malaya awo ankanunkha mpaka kukola pakhosi, ndipo wochapa malayawo anali mwana wamkuluyo. Chifuwa chinawatenga bambowo asanamere imvi. Mtsikanayo anasiya sukulu kuti athandize kulera ang'ono ake, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kumunda ankayamba wagwada kaye m'tchalitchi, pabenchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko. Amayi awo pomwalira anawasiyira zinthu ziwiri: kamunda kotsetsereka kumtsinje, ndi botolo la nyemba zamawanga ofiira zosungidwa m'phulusa.

Za imfa ya bambo awo sankakamba mwaukali, ndipo sindinawamvepo akunyoza mlimi wopopera. Ankangoti, "Sindingathire m'nthaka chinthu chimene sindingalole mwana wanga kunyambita." Mawu amenewa anawasunga moyo wawo wonse monga ena amasungira lumbiro la paguwa.

Anakwatiwa ndi kalipentala wina woimba besi m'kwaya. Mulungu anawapatsa ana awiri, natenga mmodzi ali wakhanda. Kenako anatenganso kalipentalayo, mwana wotsalayo asanamalize pulayimale. Lamulungu lotsatira maliro, anthu anawaona akusesa m'tchalitchi monga mwa masiku onse. Mwanayo, yemwe anali wamkazi, anamuphunzitsa ndi tomato, kabichi ndi nyemba mpaka anakhala namwino.

Dzina lakuti Manyowa linayamba ngati chipongwe. Ankayenda ndi dengu pamutu kupempha ndowe kwa oweta mbuzi, zitosi kwa oweta nkhuku, ndi masamba owola kwa amayi a pamsika. Anthu ankagwira mphuno akamadutsa. Iwo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Ngakhale maluwa a paguwa akafota sankawataya, ankapita nawo kudzenje lawo. "Awa apemphera kale sabata yathunthu," ankatero, "akapemphererenso nthaka."

Ine ndinakumana nawo ndili mnyamata wa ndevu zoyamba, wokankha wilibala pamsika. Anandilemba ganyu yonyamula makoko a nthochi ndi kabichi wowola. Njira yonse ndinkawauza za malole amene ndidzagule ndi maiko amene ndidzayende.

"Iwe Wapakamwa," anatero titafika, "pumitsa kaye lilime, lowetsa dzanja apa."

Ndinalowetsa dzanja mumulu wa zinyalala, ndipo ndinalichotsa msanga. "Mayi, muli moto umu!"

"Si moto, ndi ntchito. Muli antchito ambiri kuposa a pakampani, ndipo sapempha malipiro."

Anafukula pansi pake nandionetsa nyongolotsi zonenepa m'dothi lakuda lonunkhira ngati mvula yoyamba. Anandiyendetsa m'munda monse. Panalibe dothi lamaliseche, ponse anaphimba ndi mapesi ndi udzu. Pakati pa tomato panali maluwa achikasu onunkha othamangitsa tizilombo, m'mphepete mwa kabichi munali anyezi, ndipo nyemba zinkakwera chimanga ngati ana pamsana pa amayi awo. Pochoka anandipatsa botolo la nyemba zamawanga zija.

"Mbewu sindigulitsa, ndimabwereketsa. Watenga botolo limodzi, udzabweza awiri, olima ndi manja ako."

Ndinalima kuseri kwa nyumba ya amalume, ndipo zinabereka mochititsa manyazi oyandikana nawo. Zina ndinagulitsa n'kugula wilibala yangayanga. Ndinadzaza mabotolo awiri, ndinawapukuta bwino, n'kupita nawo monyadira. Mayi anawayang'ana, napukusa mutu.

"Ndilibe poika. Shelefu yadzaza."

"Ndiye nditani nawo, Mayi?"

"Bwereketsa ena. Nkhokwe yanga ndi minda ya anthu. Ndikadzapeza poika ndidzakuitana."

Sindinali ndekha wouzidwa zimenezi. Aliyense wobweza ankabwezedwa ndi mawu omwewo, ndipo tonse tinkati ndi kufatsa chabe kwa mayi wachifundo.

Malonda atandikomera ndinasiya khasu n'kugwira chiwongolero. Koma kulikonse kumene ndinkapita kukagula ndiwo kwa alimi aang'onoang'ono, ndinkasiya kabotolo ka nyemba zija pamodzi ndi ulaliki wa manyowa, mpaka zinanditheratu. Ngongoleyo ndinayesa kuibweza m'njira zina. Ndinawagulira malata, iwo anakafolera nyumba ya gogo wina wakhungu. Ndinawabweretsera nsapato zachikopa zochokera kutali, anazitembenuza n'kunena kuti, "Kodi ndinakubwereka nsapato ine?" Lamulungu lotsatira ndinaziona kumapazi kwa akatekisiti.

Zaka zinkapita, iwo akusesa m'tchalitchi, akuchapa nsalu za paguwa, akuyendera odwala ndi dengu la masamba. Chaka cha chilala, minda yoyandikana nayo itapsa, wawo unakhalabe wobiriwira pansi pa mapesi aja, ndipo amene ankagwira mphuno kale anayamba kubwera ndi mabeseni. Palibe amene anakumbutsidwa za chipongwe chake. Loweruka lililonse kunkafika alendo odzaphunzira, ena pansi, ena pa njinga, ena pa basi. Asanayambe kuphunzitsa ankati onse avule zipewa, athokoze Mwini nthaka, ndipo akatero aliyense alowetse dzanja mumulu.

Chiyeso chachikulu chinawapeza atakalamba, mawondo atayamba kukana. Mtsinje unasefukira masanasana, unagwetsa kanyumba kosungiramo mbewu, ndipo munda wonse unakwiririka ndi mchenga. Mabotolo anasweka, mbewu zinanyowa n'kuwola. Mayi anapulumuka ndi kolona m'manja basi. Mwana wawo, namwino uja, anawatengera kwake.

Mkamwini wawo ndi munthu wabwino, mwini golosale, wosakonda kutaya nthawi. Iye anapeza munthu wofuna kubwereka mundawo kuti apopere mankhwala opha udzu n'kudzala mbewu zogula.

"Amayi, nyemba ndi nyemba," anatero. "M'mimba simufunsa mawanga. Mvula ikagwa munda uli chomwechi, ndimupatsa munthuyu."

Mayi sanatsutse. Anangoyamba kubweza mbale chakudya chili momwemo. Namwino ndiye anandiimbira foni, ndipo Mayi ndinawapeza atakhala pakhonde, ataonda ngati phesi.

"Wapakamwa," anatero, "poika papezeka tsopano."

Abale anga, ine mwini malole anayi ndinalibe ngakhale nyemba imodzi yamawanga. Koma ndinawauza molimba mtima kuti mvula isanagwe nyembazo zikhala pakhonde pomwepo. Mkamwini anaseka. "Achimwene, nyemba sizimera pakamwa."

M'mawa mwake ndinaliza lole. Mlimi woyamba amene ndinamupeza anali atasiya kalekale kulima nyembazo, pakhomo pake pali zigubu za mankhwala. Wachiwiri, mayi wamasiye woweta njuchi, anandionetsa botolo lodzaza ufa wokhawokha. Anaiwala phulusa, anankafumbwe anachita phwando. Koma mayiyo anati, "Pitani kuphiri, ndinabwereketsako anyamata awiri apachibale."

Ndinakwera phirilo lole ikulira ngati ng'ombe. Anyamatawo anali atadula mundawo m'masitepe otchinga ndi udzu wa mizu yaitali kuti madzi asakokolole dothi, ndipo khola la mbuzi analimanga pamwamba kuti ndowe zizitsika zokha. Nditafotokoza chimene ndinkafuna, wamkulu anaitana mng'ono wake. "Aise, akufuna nyemba za adalaivala!"

"Adalaivala ake ati?" ndinafunsa.

"Kaya. Amati kunkabwera dalaivala wina wolongolola kwambiri, ndiye anazibweretsa kuno."

Ndinadzimenya pachifuwa. "Wolongololayo ndi amene mukumuonayu!"

Anandipatsa thumba lathunthu, nakana ndalama, nandilozera kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene abakha ake amayenda m'mizere kutola nkhono. Mphunzitsiyo anandilozera kwa masisitere olima kuseri kwa chipatala, amene amasunga madzi a padenga m'matanki n'kumathirira ndi mabotolo oboola okwiriridwa pafupi ndi mizu. Masisitere anandilozera kwa banja lina lachinyamata lodzala mitengo yobwezera chonde pakati pa chimanga. Ine amene ndinkati ndaona zonse ndinkatsika lole pamunda uliwonse n'kuphunzira chatsopano. Ndipo paliponse nyemba zinali zomwezo, dzina lokha ndi limene linkasintha, koma lamulo linali lomwelo: tenga limodzi, bweza awiri. Ambiri mwa anthuwo Mayi Manyowa sankawadziwa n'komwe. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake shelefu ija inkakhala yodzaza nthawi zonse. Mayi ankadziwa kuti kanyumba kamodzi kakhoza kugwa, koma minda yonseyi singagwe tsiku limodzi.

Ndinabwerera mitambo itayamba kuda, ndikuliza hutala kuyambira pamphambano. Anyamata anga anatsitsa matumba pakhonde. Mayi anatapa dzanja limodzi, anayang'anitsitsa mawanga, ananunkhiza, naluma imodzi ndi dzino lawo lotsala.

"Ndi zomwezo. Ndi za amayi anga." Anachita chizindikiro cha mtanda, misozi ikutsika. Kenako anapukuta m'maso nandiyang'ana. "Walima ndani?"

Ndinayamba kutchula anyamata a kuphiri, mphunzitsi, masisitere.

"Mulungu awadalitse. Ndiye izi ndi mphatso za anthu. Yako ija ikadalipo. Ndinati olima ndi manja ako."

Mkamwini anaseka mpaka kugwira chipupa. "Ndi mimba imeneyo, achimwene? Khasu mukaliona kuti?"

"Inunso bambo," anatero Mayi, "makasu alipo awiri."

Tinalima. Ndinavula jekete ndi wotchi, ndinagwira fosholo kuchotsa mchenga, ndipo malole anga amene amanyamula letesi wa m'mahotela ananyamula ndowe za mbuzi kuchokera kuphiri. M'manja munatuluka matuza, matuzawo anaphulika, ena anatulukanso. Mkamwini anamuuza yekha munthu wofuna munda uja kuti ayang'ane kwina. Mayi tinkawanyamula pampando n'kuwakhazika pamthunzi, kolona m'dzanja limodzi, ndodo yolozera m'dzanja lina. "Wapakamwa, phando limenelo lakuya, ukuika maliro kapena mbewu?" Nsabwe zitagwa pamasamba, tinasinja tsabola ndi adyo, tinasakaniza ndi madzi a sopo, n'kuwaza ndi tsache, tikuyetsemula ngati ana. Mayi anayambanso kumaliza chakudya.

Nyemba zitachita maluwa, mphamvu za Mayi zinatha. Anapempha kuti Bambo ansembe akawadzozere kumunda, osati m'chipinda. Linali dzuwa la masana, njuchi zili ng'waa m'mizere. Analandira Ukaristia, anagwira dzanja la mwana wawo, nayang'ana munda kuyambira kumtunda mpaka kumtsinje.

"Musasiye dothi lamaliseche," anatero. Anatseka maso ngati munthu amene wamaliza kusesa, ndipo sanawatsegulenso.

Pamaliro awo panafika anthu amene sitinawaonepo, ena atanyamula timabotolo. Mayi anatisiyira chitsanzo cha munthu amene sanalalikirepo paguwa, koma anakhulupirira kuti chimene Mulungu wakubwereka uyenera kuchibweza chili chamoyo kuposa mmene unachilandirira, kaya ndi nthaka, kaya ndi mwana, kaya ndi mbewu. Mundawo tsopano akuuyang'anira namwino ndi mwamuna wake, ndipo Loweruka alendo akubwerabe. Mukapita, konzekani kulowetsa dzanja mumulu.

Ine ndinakolola mizere yanga ndekha, osalola wantchito aliyense kukhudza. Nyembazo ndinaziyanika, ndinazimenya, ndinazipeta, ndinasankha imodziimodzi, n'kuzisakaniza ndi phulusa losefa. Lamulungu lapitali, Misa itatha, ndinaima pakhomo la tchalitchi pamaso pa Bambo ansembe ndi mpingo wonse, ndipo ndinaitana namwino kuti alandire m'malo mwa amayi ake. Anayang'ana zikhatho zanga kaye, monga akanachitira iwo, naona zipsera za matuza. Kenako anatambasula manja, ndipo ndinapereka: mabotolo awiri a nyemba zamawanga, odzaza mpaka pakhosi, olima ine.