Amayi pa Siteji, Ine M'chitenje

Anzanga, usiku wapitawu ndalota zinthu zoti mpaka pano tiyi akundikanika kumwa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munena kuti ndinadya nyemba zogona, koma tayambani mwamva kaye. Nkhaniyi ikukhudza amayi anga, ndipo achimwene akudikira yankho langa lero lomwe.

Kwa amene simukudziwa, Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe changa. Amayi anga mutu unayamba kuwasokonekera chaka chatha. Amaiwala kuti adya kale, amafunsa za bambo ngati angopita kumsika pomwe tinawaika m'manda kalekale, ndipo masiku ena amandipatsa moni waulemu ngati ndine mlendo wodzapempha madzi. Kuchipatala anati ndi matenda oiwalitsa a ukalamba. Ndiye achimwene anga a Yohane akuti pa tsikulo amayi tikawasiye kwa azakhali ku Chilomoni, chitseko chotseka, kuti akuchimuna asawaone. Akuti anthu akaona zoterezi amayamba kunong'onezana kuti m'banjamo muli misala, ena mpaka amatchula za ufiti, ukwati n'kutha usanayambe. Ine ndinangowauza kuti ndiganize kaye, ndipo ndinagona ndi maganizo amenewo.

Ndiye ndinalota ndili m'holo ya kusekondale kwathu. Kunali masana, dzuwa likulowera m'mabowo a malata, mabenchi onse atadzaza. Tinali kukonzekera kuchita sewero lakale lija limene aphunzitsi athu a zisudzo ankatichititsa chaka chilichonse, la mayi wamasiye wosokonezeka mutu amene ana ake ankamubisa kuchipinda alendo akabwera, iwo n'kumakangana pabalaza kuti amutenga ndani. Kusukuluko gogoyo ndinkakhala ine. Ndinkadzithira ufa kumutu, kuvala nsapato zosiyana, n'kumayenda chowerama, ndipo anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Sindikudzitama, koma gawo limenelo ndinkalitha.

M'malotomo ndinali kuseri kwa katani, mbale ya ufa ili m'manja, nditavala yunifomu ya kusukulu ndi thupi langa la panoli. Siketi inakana kutseka, ndiye ndinaigwira ndi dzanja limodzi. Kenako anatulukira achimwene a Yohane atavala jekete ya aphunzitsi a zisudzo, yambuu ndi choko. Inu amene mumawadziwa achimwene mukudziwa kuti munthu ameneyu ngakhale kwaya sanaimbepo, moyo wake wonse ndi ma injini a galimoto. Koma m'malotomo zinali zachizolowezi kuti sewerolo akuyendetsa ndi iwowo. Anandilanda mbale ya ufa ija n'kunena kuti, "Gawo lako tapatsa wina, achemwali. Tapeza wodziwa kuposa iwe."

Katani inatseguka. Pa siteji panali pabalaza pathu penipeni pa ku Zingwangwa: mipando yathu ya nsalu zoluka pamutu, kabati ya makapu osamwera aliyense, ngakhale kalendala ya chaka chatha imene palibe amakumbuka kuichotsa. Pampando wa bambo panakhala amayi. Anavala yunifomu yawo ya kutchalitchi, bulauzi yoyera ataitembenuza, mpango uli pambali. Kumutu kwawo kunalibe ufa, zinali imvi zawo zomwe. Ndinafuna kuthamanga kuti ndikawatsitse, koma sindinathe kuchoka pomwe ndinaima.

Amayi anadzuka n'kuyamba kuyala makapu patebulo. Anathira mchere mu tiyi, anthu anaseka. Anatsegula kabati n'kuikamo nsapato zawo bwinobwino pambali pa mbale, anthu anasekanso. Kenako anapita kutsogolo kwa siteji, n'kutchinga maso ndi dzanja chifukwa cha kuwala, n'kufunsa kuti, "Kodi alendo onsewa adya? Bambo a Yohane akabwera andikalipira." Holo yonse inafa ndi phwete. Mayi wina amene sindikumudziwa anali akumenya benchi ndi chikhatho uku akukuwa kuti gogoyu amatha, akamutenga kuti. Ine ndinkadziwa kuti amayi sakuchita sewero. Ankangochita zomwe amachita kunyumba tsiku lililonse, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene sakumvetsa chimene anthu akuseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe kuti siyani kuseka, awa ndi amayi anga, koma m'kamwa munali mutadzaza ufa. Ndikati ndilankhule, unkangotuluka fumbi.

Ndiye ndinayang'ana pa benchi yakutsogolo. Panakhala Dalitso, bwenzi langa amene tikuchita naye chinkhosweyu, atavala malaya a chitenje amene tinasoketsa ofanana ndi diresi yanga. Pambali pake panali amayi ake ndi amalume ake. Dalitso sankaseka, ankangoyang'ana nsapato zake. Amayi ake anafumbata chikwama pamiyendo ndi manja onse awiri, osaseka, osakwiya, nkhope yosawerengeka. Chimenecho chinandiopsa kuposa kuseka kwa anthu onse aja. Ndinkafunitsitsa atangochita chilichonse, kaya kutsonya kaya kutuluka, kuti ndidziwe pamene ndaima.

Kenako ndinapezeka ndili pa siteji, osadziwa kuti ndakwera bwanji. Tsopano ndinali mwana wamkazi wa m'seweromo, ndipo achimwene anali mwana wamkulu. Anayenda mpaka pakati, anakhosomola ngati katswiri, n'kunena mawu a m'sewero aja amene ndimawakumbukira mpaka lero: "Alendo ali panjira. Alowetseni kuchipinda asatichititse manyazi." Atatero anandiyang'ana. Inali nthawi yanga, ndipo mawu anga anali awiri okha, akuti chabwino achimwene. Ndinamva munthu akunong'ona pansi pa tebulo, nditasuzumira ndinapeza ndi azakhali atadzipinda m'menemo ndi mpango wawo womwe. Ankandikodola mwendo n'kumati, "Nena chabwino, iwe. Anthu akudikira. Nena chabwino tizipita."

Sindinanene. Kukananso sindinakane. Ndinangoima ngati chitsa, siketi ili m'manja. Chitseko cha kuchipindacho chinali chojambula pa katoni, monga tinkachitira kusukulu, koma loko wake anali weniweni, wamkulu, uja wa pageti la kwa azakhali. Ndiye amayi anayang'ana achimwene, anayang'ana ine, n'kupukuta manja m'siketi yawo. Anati, "Musavutike ana inu, kolowera ndikukudziwa." Anayamba kupita okha kuchitsekoko, pang'onopang'ono, akugwira mipando. Anthu anawomba m'manja, ena akuliza malikhweru.

Asanafike pachitseko, zonse zinasintha. Denga la holo linasanduka tenti, mabenchi anasanduka mipando ya pulasitiki, zimkuzamawu zinayamba kulira, amayi ena akuimba nthungululu. Chinali chinkhoswe changa, koma siteji inalipobe, ndi chitseko cha katoni chija chili poteropo. Mukudziwa mwambo uja wa pa chinkhoswe, woti amabweretsa atsikana atawafunditsa zitenje kuyambira kumutu, kuti mwamuna aloze wake pakati pawo. Achimwene anatenga maikolofoni n'kulengeza kuti lero mwambowu usintha pang'ono. Woloza sakhala mkamwini ayi, akhala mayi wa mkazi. Akaloza mwana wawo, akhala nafe pa mwambo mpaka kumapeto. Akaphonya, alowa kuchipinda. Anthu anakondwa ngati alengeza za mpira.

Sindinaone amene anandifunditsa. Ndinangozindikira kuti ndakhala pa mkeka, chitenje chili kumutu, kumapeto kwa mzere. Chitenjecho chinali chakale cha amayi, chonunkhira sopo ndi m'sutikesi momwe amasungamo zovala zawo zabwino. Munali motentha moti mpweya unkandiperewera. Ndinkaona pansi pokha, ndipo ndinaona mapazi a amayi akubwera, lina lili ndi patapata, lina lopanda kanthu. Ndinayamba kupemphera chamumtima, pemphero lopanda mutu weniweni, kumangoti Ambuye lero lokha, lero lokha andidziwe, mawa aiwale ngati akufuna.

Anavundukula woyamba, anapeza ndi azakhali aja, ndipo anthu anaseka. Anavundukula wachiwiri, chitenje chinangogwera pa mkeka, m'kati munalibe munthu. Palibe anadabwa, nyimbo inkangopitirira. Kenako mapazi aja anaima patsogolo panga. Ndinamva dzanja lawo pamutu panga, lopepuka. Anakweza chitenjecho mosamala, kuwala kunandithobwa m'maso, ndipo nkhope yawo inali pafupi kwambiri ndi yanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine misozi inali ikungotsika. Anatenga nsonga ya mpango wawo n'kundipukuta masaya, mbali iyi kenako inayo, monga ankachitira ndili wamng'ono tikamalowa m'tchalitchi. Ndinati basi, andidziwa, zatheka.

Ndiye anatembenukira kwa anthu n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi mwana uyu ndi wa yani? Wokongola chonchi koma akulira yekhayekha. Amayi ake ali kuti?" Anabwerezanso, tsopano mokalipa ndithu, ndi mawu aja ankatikalipira nawo kale: "Tsiku ngati lino mwana sakhala wopanda mayi wake. Inu anthu akuluakulu mwakhala apa mulibe manyazi? Pitani mukawaitane." Kenako anagwada movutikira, anakhala pa mkeka pambali panga, phewa lawo likugunda langa. Anandinong'oneza kuti, "Usalire mwana wanga. Ndikhala nawe pano mpaka amayi ako abwere."

Anthu onse anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja ngati sewero latha. Ndinafunafuna nkhope ya amayi ake a Dalitso pakati pa anthuwo koma sindinaione, paliponse panali manja okhaokha. Achimwene anaika maikolofoni pansi n'kuyamba kubwera kwa ife, kiyi ali m'manja. Sanali okwiya, maso awo anali ofiira ngati nawonso alira, ndipo ankangoti, "Aphonya, achemwali. Tinagwirizana. Aphonya." Ine ndinagwira amayi pamkono zolimba. Achimwene anatambasula dzanja, anafika pafupi, kiyi uja akulira ngwee ngwee, ndipo kulirako kunkakula, kunkakulirakulira.

Ndinadzidzimuka kuli mbee, foni ikulira pafupi ndi khutu langa. Anali achimwene. Sindinayankhe. Dzanja langa linali litagwira neti ya udzudzu mwamphamvu moti inathothoka pa msomali. Panja ndinamva tsache, amayi akusesa pakhomo, malo amodzimodzi omwe anasesa dzulo madzulo, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Tsono anzanga, inu amene mumadziwa kumasulira maloto, tandithandizani, ndipo za nyemba zogonazo musungire ena. Kodi malotowa akundichenjeza kuti ndikawatenga amayi Loweruka ndikawaika pa siteji kuti anthu akawaseke, monga achimwene akuopera? Kapena akundiuza kuti ndikawasiya kwa azakhali ndikakhala pa mkeka paja ndekha, anthu ali mbwee koma ndilibe mayi? Nanga chitenje chopanda munthu chija n'chiyani? Achimwene sindikuwada ayi, nawonso akuopa ngati ine, ndipo Dalitso za matenda a amayi amadziwa koma kwawo sanakanenebe. Foni yayambanso kulira pamene ndikulemba pano. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndadzuka ndisanaone mapeto ake, ndiye sindikudziwa ngati amayi ndinawagwira pamkono paja kuti asapite, kapena kuti ndiwadzutse ndiwapereke kwa achimwene.