Tsiku Limene Ndinatsuka Mzungu wa Papepala

"Kodi pepala lingagule bulangete?" Anandifunsa choncho a Nyajere, oyandikana nafe ku Manyamula, atandiona ndikukulunga chithunzi m'mawa uja. Ndinati nanenso ndikukaona komweko.

Chithunzicho bambo a mwana wanga Tiwonge anapatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira. Popita kukagwira ntchito ku Harare anandiuza kuti kukadzayamba kuzizira ndikachipereke kusitolo ya pa Boma la Mzimba, poti mwini sitoloyo anachifunapo kale. Juni anali atafika, ndipo mwana ankagona m'nsalu yanga yokha, akutsokomola.

Ndinanyamuka dzuwa likutuluka, Tiwonge kumbuyo, mbatata zootcha ndi mazira m'dengu. Nditayenda pang'ono inandipeza ngolo ya ng'ombe yonyamula chimanga. Woyendetsa, a Moyo, anati mazira awiri akwana kulipirira ulendo. Atasuzumira chithunzicho anaseka.

"Amama, ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi? Tsitsi ngati nkhosa. Koma wada chomene, utsi wamudya."

Mawuwo anandilowa, chifukwa chinakhaladi miyezi yambiri pakhoma la nyumba yomwe timasonkhamo moto. Masana titaima pamtsinje kuti ng'ombe zimwe, ndinanyowetsa nsonga ya nsalu n'kuyamba kupukuta monga ndichitira mbale ikada. Pepala linafewa, tsaya lonse la mzungu wa pachithunzipo linatsalira pansalu yanga.

Tinafika pa Boma dzuwa litapendeka. Mwini sitolo kunalibe, ndinapeza kalaliki wake, bambo wachikulire wodekha. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwachapa, eti?"

"Ndimachotsa mwaye, adada."

"Sunali mwaye." Anandifotokozera zomwe anamva kwa bwana wake: kalekale ku Mangalande amisiri ankakanda chitsulo cha mkuwa paliponse kuti chigwire inki, n'kusalaza pokhapo pofunika kuwala, kenako n'kudinda mapepala ambiri ogulitsa. "Mbwenu kudako ndiye kumene azungu amagula."

Ndinangoti, "Ndapota, mwanayu."

"Bulangete lathunthu bwana sangalole," anatero. "Koma lilipo lina lomwe makoswe anadya mbali imodzi." Anadula poipapo, kotsalako nandipatsa. Akazi a kalalikiyo anatisunga kwawo mpaka kutacha, anatipatsa nyemba ndi maungu, ndipo ndinathokoza kuti yewo mpaka anandiletsa okha.

Ndinabwerera wapansi, Tiwonge atafunda mpaka m'makutu, ali mtulo njira yonse. Tsopano chinthu chomwe sindikuchidziwa ndimayamba ndafunsa ndisanachitsuke. Zomwe ndinataya ndi izi: mazira awiri, tsaya limodzi la mzungu, ndi theka la bulangete.