Ndinasinthitsa mawu a amuna anga ndi beseni

Inu owerenga, ine kusukulu sindinapondeko, akulemba apa ndi mdzukulu wanga, koma mkwiyowu ndi wangawanga. Ndinasinthitsa foni ya malemu amuna anga ndi beseni lapulasitiki. Beseni, anthuni.

M'foni mmenemo munali mawu awo. Chaka chomwe anatisiyacho, ana anawajambula akusoka fodya m'chigafa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokhotakhota muja ankaimbira, pakati n'kudukiza kuti akalipire mbuzi. Ndikawasowa ndinkauza mwana anditsegulire ndimve. Kenaka foni ija inaleka kulowa moto. Kotchajitsa anayesa, osayaka. Aliyense anati yafa, ine n'kuikulunga pakansalu, n'kuisunga m'sutikesi.

Ndiye kunabwera bambo wina panjinga, mabeseni mbwee pakaliyala, akukuwa kuti akusinthitsa ndi mafoni akufa. Ndinamufunsa bwinobwino ine, kuti kodi iyi singadzuke? Anangoitembenuza, osaitsegula n'komwe, amvekere, "Amayi, maliro sadzuka. Tengani lofiirali." Kundiuza mawu amenewo ine wamasiye! Ndipo ndinatengadi.

Sipanapite nthawi, foni ya anaBanda, oyandikana nawo nyumba, inadwala matenda omwewo. Iwo anapita nayo pa Nsaru tsiku la msika, kwa mtsikana wina wokonza mafoni pakhonde la shopu. Anangosintha pobayira tchaja paja, madzulo ake anaBanda akuseka pafoni ndi ana awo a m'tauni. Ndinapita komweko kukafotokoza zanga. Mtsikanayo anati mwina vuto linali lomwelo, komanso ngakhale ikanakanika, mawuwo ayenera kuti anali pakakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, kongosolola n'kuika m'foni ina. Ndinangokhala pansi pakhonde la eni.

Wanjinga uja ankadziwa, eti? Si ntchito yake imeneyo? Ndamufunafuna pa Kabudula mpaka ku Nambuma. Akuti oterewa amabwera ambiri, mabeseni ake ofanana, tidziwa uti?

Ndiye inu, chinthu chikazima, musafunse amene akuchifuna kuti kodi chafa. Adzati chafa basi. Pitani nacho kwa okonza achione. Chikakanikadi, perekani, koma muyambe mwachotsamo zanu.

Dzana kamdzukulu kena, kobadwa iwo atapita kale, kanandifunsa kuti agogo aamuna ankayankhula bwanji. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayeseze. Anatuluka ndi mawu anga.