Chokoleti cha chiponde chimene ndinapita nacho kwa amayi

"Chakudya chimene sunachione pophika, uchilandire ndi manja awiri, uthokoze, koma pakamwa ayi." Anandiuza choncho azakhali anga tsiku limene ndinkatengedwa chitengwa kubwera kuno ku Nsaru, ndipo mawuwo ndawasunga mpaka imvi. Pamaliro ndimati m'mimba mwandivuta, paukwati ndimati ndadya kale.

Mdzukulu wanga wamkazi atayamba ntchito m'tauni, anabwera nthawi yozizira ndi chokoleti komanso timapepala tophikiramo makeke.

"Agogo, lero mudya zachizungu, koma mtedza wake ndi wanu womwe."

"Uphikire pano pomwe, ine ndikuona."

"Inetu ndine mwana wa mwana wanu!"

"N'chifukwa chake ndakulola kugwira mtondo wanga."

Tinakazinga mtedza, kufikisa, kupeta, n'kusinja mpaka mafuta kutuluka. Chipondecho anathiramo shuga ndi kamchere. Chokoleti anachiika m'kambale, kambaleko pamwamba pa madzi otentha, akuti chikakhudza moto chimawawa. M'kapepala kalikonse anathira chokoleti pansi, chiponde pakati, chokoleti china pamwamba. Tinaziyala m'lichero pafupi ndi mtsuko, mphepo ya Juni n'kuziumitsa gwa. Ndinadya zitatu. Ndinaona chilichonse chimene chinalowamo, ndiye ndikanakaniranji?

Pochoka anandisiyira chokoleti chotsala ndi timapepala tija. Anati, "Mukapangireko amayi anzanu akumpingo. Mukadzagwa m'nyumba muno adzakudzutsani ndani? Nkhukuzi?"

Ndinamukalipira, koma mawuwo anandikhala. Chimwalirireni bambo a kunyumba kuno, pakhomo panga pankatha sabata popanda munthu wonena odi.

Ndinazengereza mpaka Okutobala. Ndinapanga ndekha mmene anandionetsera, osaphonya. Koma kunja kunali ng'anjo, ndipo zinakana kuuma. Wagolosale pamsika ali ndi firiji, anthu amasungitsako zinthu. Ine kusiya chakudya changa m'manja mwa munthu, chitseko chotseka, ine kulibe? Ndinangovindikira mbale ndi nsalu yonyowa n'kusenza, ulendo wa ku msonkhano wa amayi Lachinayi, dzuwa lili paliwombo.

Titatha mapemphero ndinavundukula. Timapepala tinali titagona cham'mbali, chokoleti ndi chiponde zitasakanikirana, mafuta akuyandama pamwamba. Amayi anasuzumira, kenaka n'kuyang'anana.

"Kodi agogo, zimenezi n'zodya kapena zomatira nkhokwe?" anafunsa mayi wina wachitsikana, mkazi wa tenanti wa pa esiteti ya fodya. Ena anabisa kuseka m'zitenje.

Amayi otitsogolera anamudzudzula ndi maso. "Agogo atikumbukira lero, eti? Zikomotu."

Palibe anatambasula dzanja. Ndinadziwa chimene ankadikira: wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha, ena aone. Ndinapisa chala, kunyambita, kupisanso. Chinandiyenderera pachibwano mpaka pabulauzi yoyera. Ndinaima pamenepo, nkhalamba yonyambita zala ngati kamwana, ndikuti, "Mwaonatu, si ndadya? Mulibe kanthu umu."

Pamenepo analandira, aliyense ndi manja awiri. Mmodzi anati wangomwa kumene mankhwala. Wina anati shuga anamuletsa kuchipatala. Otsalawo anakulunga m'masamba a nthochi. "Tikadyera kunyumba, agogo, pamodzi ndi ana."

Ndinawamva bwinobwino. Mawu amenewo ndi anga, ndawanena pakhomo pa aliyense wa iwo.

Ndinatsalira dala kutsuka mbale pamjigo kuti ndiyende ndekha. Pa kanjira kodutsa kudimba ndinapeza timitolo ta masamba a nthochi m'ngalande, nyerere zitayamba kale ntchito. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutikwirira ndi phazi, kuopa kuti wina angaone ndipo adziwe kuti ndaona. Mdzukulu wanga ataimba foni ndinamuuza kuti chokoleti chinadyedwa ndi makoswe.

Kumsonkhano sindinapitenso. Ndikamva amayi akuimba podutsa Lachinayi, ndimalowa m'nyumba n'kumawaonera pa mng'alu wa chitseko. Ena amacheukira kuno, koma sakhota.

Miyendo yayamba kundikana, ndipo masiku ena ndimadzuka dzuwa litakwera. Inu amene mumadutsa msewu wa ku Kabudula, nyumba yanga ndi ya malata a dzimbiri, kuseri kwa chigayo. Mukaona chitseko chili chitsekere mpaka masana, mupatukeko. Muyambire odi patali, munene kuti ndinu ndani. Ndikachedwa kuyankha, musachoke msanga.