Loweruka Lathu Linapita kwa Ena

Ndikukumbukira Loweruka lina la mu Disembala, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene ndinaimirira pamaso pa bambo anga mu holo ya tchalitchi china ku Kenwick, n'kuzindikira kuti ine ndi iwo sitinkatha kucheza. Kunja kunali kutentha kwa ku Perth kuja kosungunula phula, ndipo mafani a kudenga ankangotembenuza mpweya wotentha womwewo.

Tinkakhala ku Maddington, dera lina la mzinda wa Perth, kutali ndi ku Malawi. Bambo ankagwira ntchito ya zamagetsi ku migodi ya kumpoto. Ankapita pa ndege, kukhala komweko masabata angapo, n'kubwera kudzapuma masiku ochepa, fumbi lofiira lidakali m'mabuti. Mayi anali nesi. Kunyumba makolo ankalankhula Chichewa, ine n'kumayankha m'Chingerezi, ndipo palibe amene ankaona cholakwika. Chichewa chimene ndinkamva chinali cha kutumidwa: tseka chitseko, bweretsa madzi, wadya kodi, kagone. Ndinkayesa kuti chinenero chonse n'chomwecho, kuti ku Malawi anthu amangokhalira kutumana.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala banja la ku Congo. Mayi wa m'nyumbamo, amene tonse tinkawatchula kuti a Madamu Odile, ankalongedza katundu m'nyumba zosungiramo zinthu ku Kewdale mkati mwa sabata. Loweruka m'mawa, m'malo mopumitsa msana, ankasonkhanitsa ana a mabanja a ku Congo, a ku Burundi ndi a ku Mauritius n'kumawaphunzitsa Chifalansa. Makolo ankasinthana ntchito. Wina ankakonza mipando, wina kukazinga mandasi, wina kuphunzitsa nyimbo ndi mbiri ya kwawo. Cholinga chawo chinali chimodzi basi, choti ana awo asadzakhale alendo pakati pa abale awo.

Mayi anga ataona zimenezi anasirira, koma anasirira mopotoka. Sanaganize zoti nafenso tikadachita chimodzimodzi ndi Chichewa. Anaona Chifalansa chikuphunzitsidwa pafupi, ndipo anakapempha malo.

"Mwana akadziwa Chifalansa zitseko zimatseguka," anawauza bambo. "Nanga Chichewa adzachita nacho chiyani kuno? Amamva kale."

Bambo anali munthu wosakonda mikangano, makamaka pa masiku ochepa opumawo. Anangoti, "Chabwino, amake Tadala," nkhani n'kuthera pomwepo.

Choncho Loweruka lililonse ndinkakwera galimoto ya a Madamu pamodzi ndi ana awo, pakati pa mabuku ndi fungo la mandasi otentha. M'kalasi munali lamulo: wolankhula Chingerezi ankaimirira chakukhoma mpaka atanena zomwezo m'Chifalansa. Khoma limenelo ndinalidziwa bwino miyezi yoyamba, koma mutu wanga sunali wouma, ndipo pakutha kwa chaka ndinkaposa ena mwa eni chinenero. Mayi ankandiimika pamaso pa alendo kuti ndinene mawu angapo, alendo n'kumaomba m'manja osamva kanthu.

Sukuluyo inali ndi mwambo wake wotsekera chaka. Mwana aliyense ankapita kukaimirira pamaso pa kholo lake n'kulithokoza m'Chifalansa, anthu onse akumva. Kenako kholo linkayankha, kumudalitsa mwanayo ndi kumupatsa malangizo. Azibambo akuluakulu ankapukuta misozi poyera. Palibe amene anaganizirapo kuti mwambowo udzayenda bwanji ikadzafika nthawi yanga.

Bambo anatsika ndege m'mawa wa Loweruka la mwambowo, ndipo anafika mu holo atavala malaya awo a kuntchito, owala ngati papaya wakupsa, pakati pa anthu a masuti. Dzina langa litaitanidwa ndinapita, n'kunena mawu anga onse osaphonya. Bambo ankandiyang'ana pakamwa, akumwetulira mwaulemu, monga timachitira mlendo akamalankhula zakwawo. Nditamaliza mu holo munati zii, anthu kudikira yankho.

Akadatha kuyankha m'Chingerezi. Koma ndikuganiza kuti anali ataona mmene azibambo enawo ankalankhulira kuchokera pansi pa mtima, ndipo za pansi pa mtima iwo ankazisunga m'Chichewa. Anaimirira, nandigwira paphewa, nayamba ndi mawu akuti, "Naphiri."

Ndinacheuka kuti ndione amene akuitanidwa. Palibe anali atandiuzapo kuti kwathu mwana wamkazi amalemekezedwa pomutchula ndi mfunda wake, ndipo kuti Naphiriyo ndinali ine. Bambo anapitiriza. Analankhula nthawi yaitali, Chichewa chimene ndinali ndisanachimvepo. Munalibe chitseko, munalibe madzi. Ndinkangotola liwu apa ndi apo, monga "mwana wanga" ndi "kumudzi", zina zonse zikundidutsa.

A Madamu, mwa mtima wawo wabwino, anati, "Tadala, tatimasulira, nafenso timve nawo zimene bambo ako anena."

Ndinali ndi Chifalansa chokwanira kumasulira chilichonse, koma ndinalibe choti ndimasulire. Kamnyamata kena kanaseka, mayi wake n'kukatsina. Dzanja la bambo linachoka paphewa panga pang'onopang'ono, ndipo anakhala pansi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anali owawa, koma chimene chimandipwetekabe ndi nkhope ya bambo, chifukwa iwonso anali atangozindikira kumene kuti sindinawamve.

Anthu akudya, ndinamva a Madamu akulankhula ndi mayi pafupi ndi khomo, m'Chingerezi chawo cholemera chija. Anawauza kuti ine ndinali mwana wanzeru ndipo ankandikonda, koma sukulu ija sanaiyambitse kuti ana apeze ntchito. Anati, "Holoyi masana imakhala yopanda anthu. Amalawi mulipo ambiri. Yambani yanu, makiyi ndizikupatsani." Mayi anathokoza ndi mano okha. M'galimoto ndinafunsa zimene bambo ananena, ndipo mayi anati, "Angoti wachita bwino." Mawu onse aja sakadakwana m'mawu awiri, koma bambo ankangoyang'ana msewu.

Kunena chilungamo, bambo anayesa. Nkhani ya sukulu ya Chichewa anaitengera kwa Amalawi anzawo, ndipo aliyense anati ndi maganizo abwino kwambiri. Tinakumana ku paki, nyama inawotchedwa, komiti inasankhidwa. Paja mutu umodzi susenza denga, koma ife mitu inachuluka mpaka denga linasowa polowera. Anakangana za amene akhale wapampando, injiniya kapena mphunzitsi wa ku yunivesite ku Crawley. Anzathu a ku Zambia anafunsa ngati Chinyanja chawo chidzaloledwa, wina n'kuwayankha kuti chimenecho n'Chichewa chowonongeka, iwo n'kunyamula mipando yawo. Ena ana awo anali ndi mpira Loweruka, ena kusambira, ena shifiti. Misonkhano yonseyi inkachitika m'Chingerezi. Bambo anakwera ndege kubwerera ku mgodi, ndipo atabwerako anapeza nkhani itazizira. Palibe mwana anaphunzira ngakhale "a, e, i, o, u".

Ine ndinapitiriza Chifalansa mpaka ku sekondale. Ine ndi bambo tinabwerera ku kachezedwe kathu kakale: iwo kufunsa za sukulu, ine kuyankha kuti zili bwino. Tonse tinkaganiza kuti nthawi ilipo.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo anagwa ku ntchito ndi matenda a sitiroko. Atatsitsimuka, Chingerezi chawo chinali chitapita. Madokotala anati zimachitika, chinenero chophunzira pambuyo chimatha kufufutika n'kutsala cha kuubwana. Munthu amene anakhoza mayeso ake onse m'Chingerezi anatsala ndi Chichewa chokha, chotuluka movutikira kumbali imodzi ya kamwa.

Mayi akakhala pa shifiti, ine ndinkapita kuchipatala ndikaweruka kusukulu. Za madzi ndi pilo ndinkazimva, paja n'zimene ndinaphunzitsidwa. Koma bambo, ngati munthu wodziwa kuti masiku achepa, ankafuna kulankhula zina. Ankandigwira dzanja ndi dzanja lawo limene linatsala ndi mphamvu n'kumafotokoza, nthawi zina kuseka, nthawi zina misozi ikutsikira m'khutu. Ine ndinkangoti, "Eya, adadi."

Masana ena analankhula kwa kanthawi, kenako anasiya, nandiyang'ana. Mawu awo anali atakwera kumapeto, ndiye ndinadziwa kuti linali funso. Anadikira. Ndinati, "Eya, adadi." Anandiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira ku windo. Kuyambira tsiku limenelo ankangondipempha madzi. Anamwalira dzinja la chaka chomwecho lisanathe.

Chichewa ndikulembachi ndinachiphunzira nditakula, kwa azakhali anga ku Lilongwe, ndipo ndinachiphunzira ndi mkwiyo. Ndinakwiyira mayi, ndinakwiyira komiti ija, ndinakwiyiranso bambo chifukwa chovomera msanga. Mkwiyo wanga pa mayi unatha, chifukwa ndinaona kuti ankandifunira zabwino monga anazionera. Wa pa komiti sunathe. Ndimakumana nawo azibambo amenewo pa maukwati, imvi zili mbuu, akudandaula kuti ana a masiku ano ataya chikhalidwe, ngati kuti anawo ndi amene anali ndi makiyi a galimoto.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti chinenero sichibwera ndi magazi. Mwana amatengera mphuno ndi mayendedwe popanda womuphunzitsa, koma mawu amafuna munthu wololera kutaya Loweruka lake. Mayi wa ku Congo uja, ndi msana wake wopweteka, ankadziwa zimenezi, ife n'kumati ana amamva kale. Lero ndikhoza kumva funso lililonse limene bambo akadandifunsa, ndipo ndikhoza kuwayankha bwinobwino, mwaulemu wake. Koma munthu susunga mawu amene sunawamve. Ndinawayankha kuti eya, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinavomera.